Si Kachirombo Kaja

Lolemba, 2 Juni

Atigoneka. Wodi ya ana, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi sinki yodontha. Ndikulemba kumbuyo kwa kope la ku saluni, lomwe ndimalembamo mayina a obwera kudzalukitsa tsitsi, chifukwa adokotala akayamba kufunsa kuti "zinayamba liti, munamupatsa chiyani," mutu wanga umangoima.

Mwana wanga ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Kunyumba timamutchula Wailesi chifukwa akadzuka sazima. Amalankhula ndi mapoto, ndi nsapato, ndi nkhuku za aneba. Lero Wailesi ali chete. Chomwe chikumveka ndi kalikhweru m'chifuwa, ndipo akamapuma pansi pa nthiti pakulowa m'kati.

Zinayamba ngati chimfine sabata yatha, kenako chifuwa, kenako kutentha thupi. Pofika muno thupi linali 39.2. Mpweya wa m'magazi 86, anesi akuti uyenera kupitirira 90. Amuika timapaipi ta okosijeni m'mphuno, kanyula wolowetsera mankhwala padzanja, jakisoni wa chibayo wodzera mumtsempha kamodzi patsiku, panado wamadzi thupi likatentha. Malungo alibe. Ine anandiyezanso magazi, akuti amatero ndi mayi aliyense wogonekedwa ndi mwana. Kachirombo ka edzi ndilibe, monga zinalili ndili woyembekezera.

Bambo ake anatiperekeza mpaka pakhomo la chipatala n'kuthamangira ku shopu kwawo. Amawotcherera zitsulo, ndiye akuti mwini geti akudikira. Geti! Ndapsa mtima koma nthawi yake ndilibe.

Lachiwiri, 3 Juni

Tsiku la muno limayamba ndi mopu. Anzanga amawatulutsira pakhonde ndi ndowa zawo, ine amandisiya chifukwa mwana ali pa okosijeni, ndiye ndimangokweza miyendo mopu ikamadutsa. Kenako anesi ndi mankhwala. Kenako adokotala ndi gulu la ophunzira, loyang'ana mwana wako ngati nsalu ya pamsika. Sisitala wamkulu anthu anamupatsa dzina loti a Fulumirani, chifukwa mawu amene amatuluka pakamwa pawo ndi okhawo.

Pabedi la pawindo pali mayi wogulitsa nsapato za kaunjika, kamnyamata kawo kali ndi chibayo. Onse amawatchula a Pawindo. Atandiona ndikupukuta misozi anati, "Lirani msanga mayi, phala likubwera ndipo wogawayo sadikira olira." Ndinaseka ndisakufuna.

Masana kunabwera adokotala a magalasi, mtsikana ndithu, wigi yake yopendekera kumanzere moti manja anga amayabwa ndikaiona. Anati akuchita kafukufuku wa ana obwera ndi chifuwa ndi kubanika, ndipo ndikalola atenga mamina a mwana akaone ku labu chimene chikumudwalitsa. Ndinalola. Analowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mwake mpaka ululu ndinaumva ndine. Wailesi analira, koma kulira kopanda mawu.

Mpweya 90 ali pa okosijeni. Ayamba kumufukiza mankhwala otsegula m'chifuwa katatu patsiku. Akuyamwa movutika: kukoka kawiri, kupuma, kukokanso.

Bambo ake anabwera madzulo ndi nthochi ndi buledi, ovololo ikununkha chitsulo chopsa. Anaima kumapazi kwa bedi, n'kumagwira kaphazi ka mwana ndi chala chimodzi. Nkhani ya geti ndawakhululukira theka.

Lachitatu, 4 Juni

Anamujambula m'chifuwa. Mapapo onse awiri ali ndi timawanga toyera. Thupi 38.6, mpweya ukusewera pakati pa 88 ndi 91.

Apongozi anga afika, akuti abwera kudzathandiza. Thandizo lake ndi ili: akhala pampando umodzi wokha umene tili nawo, ine ndaima. Aona kuti matewera sindinawachape bwino. Aona kuti mwana waonda. "Mwana mumapita naye ku saluni tsiku lonse, akungopuma utsi wa mankhwala a tsitsi, ndiye mukudabwa chiyani?" Mpunga ndi nyemba zimene anabweretsa zinali zokoma, zimenezo sindingawanamizire.

Lachinayi, 5 Juni

Ndilemba bwinobwino zimene zachitika, chifukwa ndikudziwa kuti pofika mawa nkhaniyi ikhala itamera miyendo.

Adokotala a magalasi anabwera nthawi yoonera odwala, apongozi ali pampando akusenda lalanje. Anati, "Mayi, zotsatira za ku labu zabwera. Mwanayu tamupeza ndi kachirombo..." Asanamalize, a Fulumirani anakuwa kumapeto kwa wodi kuti mwana wina wakomoka, adokotala n'kuliyatsa liwiro.

Lalanje linagwa pansi. Nanenso mtima unadumpha, sindinama, chonsecho ndayezedwa Lolemba lomweli. Mawu amenewo ukawamva sufunsa kuti kati. Apongozi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi, anatenga chikwama chawo n'kutuluka, foni ili kale kukhutu.

Adokotala atabwerera anangopitiriza pomwe anasiyira. Kachirombo kake dzina lake ndi boka. Kamagwira kwambiri ana aang'ono, kamakhala m'mphuno ndi m'chifuwa, kamafala ngati chimfine, potsokomola, poyetsemula ndi m'manja. Ana ambiri amadwala nako n'kuchira makolo osadziwa n'komwe dzina lake. Ena, ngati wangayu, kamawatsikira m'mapapo. Mankhwala okapha kulibe, katemera kulibe. Chimene angachite ndi kumuthandiza kupuma mpaka thupi lake likagonjetse lokha. Jakisoni apitiriza chifukwa mwina pali mabakiteriya amene alowererapo.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye si kachirombo kaja?"

Anati, "Kati? Aa! Ayi mayi, ayi ndithu. Sizikugwirizana n'komwe." Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke. Ndinathamangira pakhonde koma apongozi anali atapita kalekale. Ndaimbira bambo ake, sakuyankha.

Thupi 38.9. Mpweya 88.

Lachisanu, 6 Juni

Foni ya bambo ake ndi yozima, mauthenga anga sakudutsa. Koma mafoni a anthu ena ali moyo ndithu. Alamu anga aimba kuti, "Tamva, limbani mtima." Mnzanga wa ku saluni waimba kuti kasitomala wina akufunsa ngati masingano ndi malezala athu timawawiritsa. Nkhani yachoka pabedi lachitatu n'kukafika ku saluni tsiku lisanathe, pamene panado amatenga m'mawa wonse kuchoka patebulo la anesi kufika pano.

Apongozi anabwera masana ndi chitini cha mkaka ndi botolo. Sanakhale pansi.

"Kuyambira lero musamuyamwitsenso. Mwamupatsa kale zokwanira."

Ndinati, "Amayi, si kachirombo kameneko. Aka n'ka chifuwa, dzina lake boka. Ine anandiyeza Lolemba, ndilibe."

"Kachirombo ndi kamodzi, mayi a Wailesi. Ndinamva ndi makutu angawa. Zinazo mwapangana ndi kadokotala kanuko kuti mubise manyazi. Ine ndinanena kale za ku saluni kwanuko, azibambo olowa kudzameta, inu mano onse pamtunda. Mwana wanga pano sakudya, sakulowa m'nyumba, akungogona ku shopu. Mwamulowetsa m'dzenje."

Wodi yonse inali zii, ngakhale masipuni anasiya kulira. Ndiye a Pawindo anatsika pabedi, n'kumanga nsalu yawo bwinobwino.

"Pepani amayi, ndilowerereko. Kachirombo mukunenako ndili nako ndine. Papita zaka. Ndimamwa mankhwala anga tsiku lililonse, ana anga onse ndinayamwitsa, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali nako. Ndiye ngati mukufuna munthu womuyang'ana ndi maso amenewo, yang'anani kuno, ndadzola kale mafuta. Koma mwanayo musiyeni ayamwe, akufunika mphamvu."

Wina anaseka kumapeto kwa wodi, kenako onse. Apongozi anasiya chitini pakabati n'kutuluka. A Fulumirani podutsa ananyamula botolo ndi zala ziwiri, amvekere, "Izi muno ayi." Kwa nthawi yoyamba ndawakonda.

Apongozi ndinawazolowera. Chimene chikundiwawa ndi mwamuna amene wamva nkhani yotere ya mkazi wake ndi mwana wake, osabwera n'komwe kudzafunsa. Ngakhale kubwera kudzanditukwana kukanakhala bwino.

Mpweya 87. Akukana bere.

Loweruka, 7 Juni

Wafooka. Milomo inayamba kuda, mpweya unatsika mpaka 82. Atisamutsira kuchipinda cha odwala kwambiri. Amuika pa makina okankha mpweya m'mphuno, ali ndi botolo la madzi lomwe limangobwata. Kuyamwa aletsa kaye, akuti angatsamwe. Ndikufinyira mkaka m'kapu, akumupatsa kudzera m'kapaipi kopita m'mimba. Asintha kanyula, wapita kuphazi.

Foni ndi yozimabe. Mwanayu akandisiya bambo ake ali ku shopu, sindidzawakhululukira mpaka kumanda.

Lamlungu, 8 Juni

Mpweya 89, 90, 89. Thupi 38.1. Botolo likubwatabe.

Mkulu wanga wabwera, wandikakamiza kusamba ndi kudya dzira. Anthu a mpingo wina anadutsa kudzaimba. Akanabweretsa sopo zikanathandiza.

Ndilibe mphamvu zolemba.

Lolemba, 9 Juni

Thupi lazizira, 37.2. Mpweya 93. Watsegula maso n'kukoka kapaipi ndi kadzanja kake, anesi n'kumukalipira, ine n'kusangalala. Mwana wokoka zinthu ndi wamoyo. Madzulo amuchotsa pa makina obwata aja, wabwerera pa okosijeni wamba, ndipo tabwerera ku bedi lathu. A Pawindo anatisungira malo poyanikapo zovala zawo.

Adokotala a magalasi anakhala nane pang'ono. Ndinawafunsa kuti dzina loti boka analitenga kuti. Akuti ndi mawu awiri a chilankhulo cha madokotala, la ng'ombe ndi la galu, anangodula mitu n'kulumikiza, chifukwa kachiromboka kamafanana ndi tina topezeka mu nyama zimenezo. Ndinati ife tilibe ng'ombe, tilibe galu, tili ndi apongozi basi. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti sikachokera ku nyama, timapatsirana anthu tokhatokha. Akutinso kawirikawiri kamapezeka kali ndi tinzake, moti kumavuta kudziwa kolakwa ndi kati, koma mwa Wailesi akapeza kokha ndipo kochuluka. Kangathe kukhalabe m'mphuno kwa miyezi mwana atachira kale, ndisadzadabwe.

Ndinawauza zimene mawu awo a Lachinayi andichitira. Anasiya kuseka. Anati anthu onse amene ndikufuna kuti amve, ndibwere nawo, awafotokozera okha. Ndinati chabwino, koma mukhale kaye pansi. Ndinawakonzera wigi ija. Inali yopendekera chifukwa anaimangira pa malukidwe akale.

Bambo ake sanabwerebe. Ndakonza mawu anga onse, ndawanola, akungodikira mwini wake.

Lachiwiri, 10 Juni

Anabwera.

Ndinali kuseri kwa wodi ndikuyanika matewera, mwana ali ndi mkulu wanga. Ndevu zosameta, ovololo yomwe ija ya sabata yatha, maso ofiira. Mawu anga aja sanandipatse mpata wowatulutsa. Anagwada pasimenti yonyowa, amayi anzanga akuona.

"Mayi a Wailesi, ndine. Usafufuze kwina. Ndabweretsa ndine."

Ndinangoima, thewera lili m'manja.

Akuti anakayezetsa magazi ake pamene Wailesi anali asanayambe kukwawa, atabwerako ku ntchito ija anakakhala miyezi iwiri akuwotcherera denga la sitolo. Kumeneko kunali mkazi. Achipatala anamupeza iyeyo ndi kachirombo kaja. Mankhwala akumwa, amawasunga ku shopu m'chitini cha mabawuti. Makondomu amene anayamba kubweretsa aja, amvekere "mwana akule kaye," nkhani yake inali imeneyi. Ine n'kumatamanda kwa anzanga ku saluni kuti amuna anga ndi oganiza! Ndipo si masiku onse amene ankawakumbukira.

"Ndinkafuna kukuuza, koma tsiku lililonse ndinkati mawa. Amayi atandiimbira ndinadziwa kuti ndapha mwana wanga. Ndinalibe nkhope yobwera nayo kuno."

Ndikanatha kumuimitsa pa mawu oyamba. Sindinamuimitse. Ndinamusiya akhuthule zonse mpaka thumba litapepuka. Ndaona kuti ndayamba kulemba "iye" m'malo mwa "iwo." Zikhale choncho.

Atamaliza ndinati, "Mwana ali ndi boka. N'kachirombo ka chifuwa, kofala ngati chimfine. Si kaja. Ine anandiyeza tsiku lomwe tinalowa muno, ndilibe."

Sanamve. Ndinabwereza. Ndinaona nkhope yake ikumasuka pang'onopang'ono. Anati, "Mulungu ndi wamkulu!" Kenako motsitsa mawu, "Ndikanadziwa..." n'kudzigwira pakamwa.

"Maliza," ndinatero. "Ukanadziwa ukanatani? Ukanadziwa sukananena."

Chikwatiranireni sindinamutchulepo iwe. Lero ndamutchula, ndipo mokweza.

"Iwe! Mwanayu wakhala akuyamwa ine nthawi yonseyi. Iwe ukumwa mankhwala ako m'chitini cha mabawuti, ine ndikuyamwitsa m'chimbulimbuli. Amayi ako andivula pamaso pa wodi yonse, iwe uli phee ku shopu, ukudziwa chilungamo chake. Loweruka mwana anada milomo, foni yako yozima. Dzuka apo, ukunyowetsa ovololo, ndipo wochapa si ine."

Analowa kukaona mwana. Wailesi anamuzindikira n'kutambasula manja. Zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa zonse.

Mpweya 94. Wayambanso kuyamwa yekha, kapaipi ka m'mimba achotsa.

Lachitatu, 11 Juni

Tinapita limodzi kwa aphungu, kachipinda ka makatani obiriwira kumapeto kwa khonde. Andiyezanso, ndilibe. Koma ndidzabwerenso pakatha miyezi itatu, chifukwa kongolowa kumene sikaoneka msanga. Kuyamwitsa ndipitirize. Andipatsa mapiritsi odzitetezera, limodzi patsiku, ndayamba lero. Iye amutenga magazi kuti aone kuchuluka kwa tizirombo m'thupi mwake. Aphungu akuti munthu akamamwa mankhwala mokhulupirika tizirombo timachepa mpaka sapatsiranso mnzake, ndipo mwina n'chimene chanditeteza. Mwina. Moyo wa mwana wanga wakhala utapachikidwa pa "mwina" ine osadziwa. Miyezi itatu imeneyi ndidzakhala ndikuyamwitsa mtima uli m'mwamba.

Amayi amene anationa kuseri dzulo anali patali, ndiye akuganiza kuti ankapepesa za kusabwera. Ndauza a Pawindo okha, ndikuwaluka tsitsi, chifukwa ndikanapanda kuuza munthu ndikanaphulika. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Matendawa si mlandu, mayi. Mlandu ndi chitinicho. Koma mulukepo bwino pamenepo, musandikokere tsitsi ngati ndine mwamuna wanuyo."

Akunena zoona. Akanandiuza tsiku lomwelo ndikanalira, ndikanaswa mbale, za mkazi wa ku denga uja tikanakangana mwezi wathunthu. Koma mankhwala akewo akanakhala pakabati ya m'nyumba, ndipo womukumbutsa ndikanakhala ine.

Jakisoni watha. Kufukiza kwatsala kawiri patsiku. Okosijeni achepetsa.

Lachinayi, 12 Juni

Okosijeni achotsa m'mawa. Mpweya 96 popanda kanthu, ndipo wakhala pomwepo tsiku lonse. Thupi 36.8. Chifuwa chilipobe koma likhweru latha. Masana anakhala tsonga, anayang'ana sinki yodontha ija n'kuyamba kuikalipira. Mawu osasa, koma ndi mawu. A Pawindo anakuwa kuti, "Magetsi abwera, Wailesi yayaka!" A Fulumirani anamwetulira, ndinaona ndi maso angawa. Akuti mawa titha kutuluka.

Bambo ake anabwera ndi malalanje ndi kagalimoto ka pulasitiki. Wameta. Akuyenda monyang'ama, akuchapa makapu amene ndachapa kale. Ndinamuitanira pakhonde.

Ndinati, "Za matenda ako sindikauza abale, ndi nkhani yako. Koma amayi ako andipaka matope kwa abale onse mpaka ku ntchito kwanga. M'mitima mwawo hule ndine, wakupha mwana wawo ndine. Uwauze wekha, ndi pakamwa pako, tisanatuluke pachipatala pano. Sindikuti ulalikire mu wodi, atengere pambali. Ukapanda kutero ine ndi mwana tikupita kwa mkulu wanga."

Anati, "Ndiwauza. Amayi ali ndi BP, ndiyenera kupeza poyambira."

"Uwauza liti?"

"Mawa."

Anadzimva yekha mmene mawuwo anamvekera, moti anayang'ana pansi.

Lachisanu, 13 Juni

Tatuluka. Zokachita kunyumba: panado ngati thupi litatentha, kuyamwitsa pafupipafupi, kupewa utsi, kusamba m'manja, kubwerera msanga akayambanso kubanika. Adzamuonenso pakatha masabata awiri. Kulemera watsika pang'ono, akuti abwezera. Mwana wa a Pawindo atsala mpaka Lolemba. Ndawasiyira shuga ndi sopo, iwo andilonjeza nsapato za Wailesi akadzayamba kuyenda bwino.

Apongozi anabwera ndi mwana wawo kudzatitenga. Mkulu wanga anali pakhomo la wodi, ndinamuuza dzulo kuti abwere, osamuuza chifukwa. Ndinaitana adokotala a magalasi monga analonjezera. Anawafotokozera apongozi zonse modekha, kuyambira chimfine mpaka ng'ombe ndi galu, n'kuwauza kuti tizirombo tilipo tambirimbiri, kaja ndi kamodzi chabe mwa ito. Apongozi anamvetsera, poti tsopano akulankhula ndi wovala choyera. Adokotala atangochoka anaomba m'manja.

"Ndinadziwa ine! Mwana wanga ndinamulera bwino, m'banja mwathu zimenezo mulibe. Inunso mayi a Wailesi, mukanafotokoza bwinobwino. Mwatidwalitsa mtima pachabe."

Kupepesa kwake kunali komweko.

Ndinayang'ana mwana wawoyo. Anali atanyamula ndowa yathu, muli matewera, makapu ndi fulasiki. Ndinayamba kubereka Wailesi. Ndinamanga nsalu, ndinamasula, ndinamanganso, ngati munthu amene sanaberekepo mwana. Ndinakonza kachipewa kake. Ndinafunafuna silipasi imene inali kuphazi kwanga. Mpata ndinamupatsa wokwanira.

Anatsegula pakamwa. "Amayi..."

"Ee, bambo?"

Anasintha ndowa kudzanja lina. "Basi tikakwerera kutsidya kwa msewu."

Ndinamulanda ndowa. Sanalimbane nane. Ndinaipereka kwa mkulu wanga n'kuyamba kuyenda. Apongozi anakuwa kumbuyo kuti, "Nanga mukulowera kuti? Kwanu si uko!" Ndinati, "Mufunseni mwana wanu amene munamulera bwinoyo." Wailesi ali kumsana ankawabayibitsa onse awiri ndi kadzanja kokhala ndi bala la kanyula.

Ndikulemba izi pakhonde la mkulu wanga. Piritsi langa la lero ndamwa. Makina oyezera mpweya kuno kulibe, koma Wailesi akukangana ndi nsapato za alamu ndipo akumveka mpaka kumsewu. Foni yalira kangapo, sindinayankhe. Akawauza amayi ake ndimva ndithu. Nkhani za m'banja limenelo sizichedwa kufika ku saluni.